Kusankha Koleji ya Maphunziro a Jenda, Chikhalidwe ndi Mitundu ya Anthu: Mtengo ndi Phindu kwa Wophunzira wa ku Senga Bay

Maphunziro a jenda, a chikhalidwe ndi a mitundu ya anthu ndi nthambi zitatu za mtengo umodzi. Onse amafufuza momwe anthu amakhalira pamodzi: amene ali ndi mphamvu pabanja ndi pamudzi, amene amalowa chuma cha masiye, amene amalankhula pabwalo la mfumu, ndi chimene chimachititsa munthu kudzitcha Mchewa, Myao kapena Mtonga. A jenda amayang'ana ntchito, udindo ndi mwayi zomwe anthu amagawira amuna ndi akazi. A chikhalidwe amayang'ana chilankhulo, miyambo, magule, nyimbo, zikhulupiriro ndi nzeru zamakolo. A mitundu ya anthu amafufuza mbiri ya mtundu uliwonse ndi ubale wake ndi mitundu ina komanso ndi boma. Ku Malawi maphunzirowa amapezeka m'sukulu zingapo za ukachenjede, ndi mayina osiyana ndiponso pa mitengo yosiyana. Kwa wophunzira wa ku Senga Bay, m'boma la Salima, komwe kulibe sukulu yopereka digiri ya maphunzirowa, kusankha koleji n'kusankhanso mtunda woyenda, nyumba yochita lendi ndi zaka zomwe banja lidzakhale likutumiza ndalama.

Kumene maphunzirowa adachokera

Monga maphunziro okhala ndi dzina lawolawo pa yunivesite, nthambi zitatuzi si zakale. Mu 1964 Richard Hoggart adatsegula likulu lofufuza chikhalidwe cha anthu wamba pa yunivesite ya Birmingham ku England, ndipo Stuart Hall, wobadwira ku Jamaica, adalikuza pambuyo pake. Ku America, ophunzira akuda ndi a mitundu ina yonyozedwa adanyanyala maphunziro pa San Francisco State mu 1968 pofuna kuti mbiri yawo iziphunzitsidwa, ndipo chaka chotsatira padatsegulidwa sukulu ya maphunziro a mitundu ya anthu. Maphunziro a za amayi adayamba mu 1970 pa San Diego State. Mu Africa, yunivesite ya Makerere ku Uganda idatsegula nthambi ya za amayi ndi jenda mu 1991, ndipo ya Cape Town idakhazikitsa African Gender Institute mu 1996.

Ku Malawi kufufuza ndiko kudatsogola, madigiri n'kubwera pambuyo. Yohanna Abdallah adalemba mbiri ya Ayao m'buku la Chiikala cha Wayao lomwe lidatuluka mu 1919, ndipo Samuel Ntara adalemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940. University of Malawi itatsegulidwa mu 1965, nthambi ya mbiri yakale ku Chancellor College inkatumiza ophunzira kumidzi kukalemba zomwe akuluakulu amakumbukira, ndipo akatswiri monga Kings Phiri adafufuza mbumba ndi ufumu wa Achewa. Nkhani ya mitundu inali yoyenda nayo mosamala mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Mu 1968 Chichewa chidasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi. Zinthu zidasintha kuyambira 1994: zilankhulo zina zidabwerera pa wailesi ya MBC, ndipo mu 1996 Centre for Language Studies idalowa m'malo mwa Chichewa Board kuti izisamalira zilankhulo zonse za m'dziko.

Maphunziro a jenda adakula limodzi ndi malamulo. Pambuyo pa msonkhano wa amayi wa ku Beijing mu 1995, Malawi idakhala ndi ndondomeko yake ya jenda mu 2000. Padatsatira lamulo loletsa nkhanza za m'banja mu 2006, lamulo la chuma cha masiye mu 2011, lamulo loti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi mu 2013, ndi lamulo la maukwati mu 2015. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18. Lamulo lililonse lidafuna anthu olidziwa, oti akalifotokoze kumudzi ndi kulondoloza ngati likutsatidwa. Apa mpamene madigiri a jenda adapezera malo.

Senga Bay ngati bwalo la maphunzirowa

Senga Bay ili makilomita pafupifupi 20 kuchokera pa boma la Salima, m'dera la Mfumu Yaikulu Maganga. Ayao ndi Achewa akhala moyandikana kuno kwa mibadwo. Usodzi wakoka Atonga ndi Atumbuka ochokera kumpoto kwa nyanja, pamene kampu ya asilikali, mahotela ndi maofesi aboma zabweretsa anthu a zigawo zonse. Mzikiti, tchalitchi ndi dambwe zimapezeka m'dera limodzi. Anyamata ena amavinidwa ku jando, ena amalowa gule. Atsikana ena amapita ku nsondo, ena ku chinamwali cha Achewa, ndipo ena amalangizidwa kumpingo. Chikamwini ndi chitengwa zimakhalira limodzi, ndipo mlandu wa munda ukabuka pamafunika kudziwa ngati mwini mbumba ndiye ali ndi mawu kapena bambo wa ana.

M'mawa maboti a chilimira akamakocheza, kagawidwe ka ntchito kamaonekera poyera. Amuna ndiwo achezera panyanja, siginala ndi nyali zake m'bwato, alovi akukoka khoka. Pamchenga pamadikira amayi ambiri ndi mabeseni ndi zidebe. Amagula usipa, kuufutsa kapena kuuyanika pa thandala, n'kupita nawo kumsika ku Salima kapena ku Lilongwe. Mwini boti ndi injini nthawi zambiri amakhala mwamuna, ngakhale alipo amayi omwe ali ndi zida zawozawo. Usipa ukachepa ogula n'kuchuluka, pamabuka mchitidwe wogonana posinthana ndi nsomba, womwe azaumoyo akhala akuudandaula m'madoko a nyanja ya Malawi chifukwa cha kufala kwa HIV. Wophunzira jenda akaima pagombepo amafunsa kuti mpamba uli m'manja mwa yani, mtengo amaika ndani, ndipo mayi amene wakana zofuna za msodzi angagule kuti nsomba.

Kumpoto kwa Senga Bay, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, kuli chilumba cha Mbenje. Kuyambira m'ma 1950 mafumu akhala akutseka usodzi kumeneko nyengo ya dzinja n'kutsegula mu Epulo ndi mwambo. Malamulo a pachilumbapo amaletsa mowa, chamba ndi njuga, ndiponso salola akazi kupondapo. Wophunzira chikhalidwe amaona nzeru zamakolo zomwe zateteza utaka kwa zaka zambiri popanda kudalira boma. Wophunzira jenda amafunsa zomwe lamulolo limachita pa geni ya amayi odikira nsomba kumtunda, pa doko la Chikombe. Mafunso awiriwa ndi oona onse, ndipo sukulu yabwino imaphunzitsa kuwagwira pamodzi. M'boma lomweli muli ufumu wa Bibi Kuluunda, wodziwika ndi mafumu aakazi. Kumwera, m'dera la Mtakataka ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto adatchuka pothetsa maukwati a ana, ndipo konko kuli Mankhamba, likulu lakale la Kalonga lomwe Yusuf Juwayeyi adalifukula ndi kulilemba. Mwana wa ku Senga Bay amalowa m'kalasi atanyamula kale zambiri zomwe anzake amaziwerenga m'mabuku.

Sukulu zophunzitsa jenda

Sukulu ziwiri zaboma zili ndi digiri yotchula jenda m'dzina lake. University of Malawi ku Zomba, yomwe kale inali Chancellor College isanaime payokha mu 2021, ili ndi digiri ya Gender Studies pansi pa maphunziro a kakhalidwe ka anthu. Mphamvu yake ili pa kuganiza mozama ndi kufufuza. Wophunzira amakhala pafupi ndi nthambi za malamulo, ndale, chuma ndi mbiri, komanso ndi Centre for Social Research ndi nyumba yosungira zolembedwa zakale za boma, zomwe zili mumzinda womwewo. Ndi njira yoyenera amene akufuna kudzagwira ntchito yolemba ndondomeko, yofufuza, yoteteza ufulu wa anthu kapena kupitiriza ku digiri yachiwiri.

Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources, yomwe anthu amangoti LUANAR kapena Bunda, ili ndi digiri ndi dipuloma ya Gender and Development. Pokhala sukulu ya zaulimi, imamangirira nkhani ya jenda pa munda, chakudya, madzi, nkhalango ndi chitukuko cha m'midzi. Ku Bunda kulinso nthambi ya usodzi ndi ulimi wa nsomba, kotero amene funso lake lili pa amayi a usipa amapeza aphunzitsi odziwa nyanja pafupi. LUANAR ndiyonso yoyandikira: kuchokera ku Senga Bay kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 120, ndipo Bunda ili makilomita pafupifupi 30 kumwera kwa mzindawu.

Njira yachitatu ndi koleji ya Magomero ku Chiradzulu, yomwe ili pansi pa unduna woona za jenda. Imaphunzitsa alangizi a chitukuko cha m'midzi ndi a chisamaliro cha anthu, omwe amagwira ntchito ndi magulu a amayi, mabanki m'khonde, sukulu za mkombaphala ndi ana ovutika. Maphunziro ake ndi afupi kuposa digiri ndipo amakhala a ntchito yogwira m'mudzi. Amene watuluka ndi dipuloma angathe kugwira ntchito zaka zingapo n'kukalowa yunivesite pa njira ya ophunzira achikulire, ngakhale fizi ya njira imeneyo imakhala yokwererapo.

Sukulu zophunzitsa chikhalidwe

Malawi University of Science and Technology, kapena MUST, idatsegulidwa mu 2014 ku Ndata m'boma la Thyolo, ndipo ili ndi sukulu yapadera ya chikhalidwe, Bingu School of Culture and Heritage. Kumeneko kuli madigiri a Indigenous Knowledge Systems and Practices, wokhudza nzeru zamakolo ndi kagwiritsidwe ntchito kake; African Musicology, wa nyimbo ndi zoimbira za mu Africa; Language, Communication and Culture; ndi Cultural Economy, woona momwe luso ndi chikhalidwe zingabweretsere chuma. Palibe sukulu ina m'dziko muno yomwe yasonkhanitsa madigiri a chikhalidwe motere. Malamulo a pa Mbenje, mankhwala azitsamba, kapena kasemedwe ka ziboliboli zomwe zimagulitsidwa m'mbali mwa msewu wopita kugombe ndi mitu yogwirizana ndi maphunziro a kumeneko.

Mzuzu University, yomwe idayamba kuphunzitsa mu 1999, imalowa nkhaniyi podzera pa zokopa alendo ndi mbiri. Ili ndi digiri ya zokopa alendo zachikhalidwe ndi malo a mbiri yakale, komanso ya mbiri ndi zosiyiridwa ndi makolo. Kwa munthu wa ku Senga Bay, komwe mahotela ndi malo ogona alendo ndiwo olemba ntchito aakulu pambali pa usodzi, digiri yotere ili ndi msika pakhomo. Dziko lili ndi zambiri zoonetsa: UNESCO idazindikira Gule Wamkulu ndi Vimbuza mu 2005, zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006, gule wa Tchopa mu 2014 ndi kaphikidwe ka nsima mu 2017. Zonsezi zimafuna anthu ozifotokoza molondola ndi mwaulemu.

Ku Zomba chikhalidwe chimaphunziridwa m'nthambi zingapo: zilankhulo za mu Africa, mbiri, zisudzo, nyimbo ndi zojambula, ndiponso zipembedzo. Wophunzira amasankha maphunziro awiri kapena atatu n'kudzipangira njira yake. Pakati pa sukulu zoyima pazokha, Catholic University of Malawi ku Nguludi, yomwe idatsegulidwa mu 2006, ili ndi digiri ya Anthropology, yofufuza miyambo ndi kakhalidwe ka magulu a anthu pokhala nawo ndi kumva kwa eni ake.

Pafupi ndi Salima pali malo ena osapereka digiri koma ophunzitsa mozama. KuNgoni Centre of Culture and Art ili pa Mishoni ya Mua ku Dedza, m'mbali mwa msewu wa M5. Adayikhazikitsa mu 1976 Bambo Claude Boucher Chisale, wansembe wa ku Canada. Nyumba yake ya Chamare imasunga nkhope za Gule Wamkulu mazanamazana ndipo imafotokoza moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira kubadwa mpaka maliro. Malowa akhala akupereka maphunziro afupiafupi a chikhalidwe. Amene akufuna kudziyesa ngati maphunzirowa ndi ake angapite m'mawa n'kubwerera madzulo. Salima Technical College, yomwe ili kufupi ndi gombe la Senga Bay, imaphunzitsa makamaka ntchito zamanja, choncho siyilowa m'malo mwa sukulu zatchulidwazi.

Za mitundu ya anthu

Ku Malawi nkhani ya mitundu siyiphunziridwa monga digiri yoima payokha ngati ku America. Imapezeka mkati mwa mbiri, zilankhulo, ndale ndi Anthropology, ndipo wofuna kuizama amasankha imodzi mwa njira zimenezi. Nkhaniyo ndi yaikulu. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 34 ndi Achewa, 19 Alhomwe, 13 Ayao, 10 Angoni ndipo 9 Atumbuka. Kuyambira m'ma 2000 magulu osunga chikhalidwe achuluka: Chewa Heritage Foundation, Mulhako wa Alhomwe, Chiwanja cha Ayao, Mzimba Heritage Association ndi ena. Miyambo ya Kulamba ku Mkaika m'dziko la Zambia, Umthetho ku Hora, Umhlangano ku Ntcheu ndi chikondwerero cha ku Chonde imasonkhanitsa anthu zikwizikwi chaka ndi chaka, ndipo andale saiphonya.

Mu 1989 Leroy Vail ndi Landeg White adalemba kuti malire a mitundu ku Malawi adaumbidwa ndi mbiri, makamaka sukulu za mishoni, ulamuliro wa atsamunda ndi ndale. Akatswiri ena amatsindika kuti maufumu, zilankhulo ndi miyambo zidalipo kalekale azungu asanabwere. Sukulu yabwino imaphunzitsa mbali zonse ziwiri ndi kuphunzitsa wophunzira kupima umboni. Pa nthambi imeneyi Zomba ili patsogolo chifukwa cha nyumba yosungira zolembedwa zakale, Centre for Language Studies ndi mabuku a Kachere, pamene Mzuzu ndi Nguludi zimatsatira.

Mtengo weniweni

Fizi ya m'mayunivesite aboma siyisiyana kwenikweni. Mu 2016 ya ku Chancellor College idakwezedwa kufika K400,000 pachaka, ndipo ophunzira atachita zionetsero idatsitsidwa kufika K350,000. Mu 2023 sukulu zaboma zidakwezanso, ndipo zambiri zidafika pakati pa K600,000 ndi K650,000. Ku Mzuzu idachoka pa K400,000 kufika K650,000. Pa mtengo umenewo digiri ya zaka 4 imadya K2,600,000 ya fizi yokha. Ndalama ya kwacha idagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero mitengo imasintha ndipo chikalata cha chaka chomwe munthu akulowa ndicho choyenera kuwerengera. Sukulu zoyima pazokha zimalipiritsa pa semesita, ndipo fizi yawo ndi yokwera kwambiri kuposa yaboma popeza sizilandira thandizo la boma.

Popeza fizi yaboma ndi yofanana chotere, kusiyana kumabwera pa zina. Choyamba ndi pogona ndi chakudya. Kuyambira cha m'ma 2015 boma lidaleka kupereka ndalama yodyera kwa ophunzira atsopano, ndipo mahositelo sakwanira. Ambiri amachita lendi kunja: ku Chikanda ku Zomba, ku Luwinga ku Mzuzu, m'midzi yozungulira Bunda ndi Mitundu, kapena cha ku Goliati pafupi ndi MUST. Fizi ya mu 2023 ya K650,000 ikagawidwa pa miyezi 8 yomwe sukulu imakhala yotsegula imakhala pafupifupi K81,000 pamwezi. Lendi, ufa, ndiwo, makala, sopo, kusindikiza mapepala ndi mabando a intaneti zikaphatikizidwa zimafika pamenepo kapena kupitirira. Banja lowerengera fizi yokha limakhala lawerengera theka.

Chachiwiri ndi mtunda. Ku Zomba ndi makilomita oposa 250 kudzera ku Balaka ndi Liwonde. Ku Mzuzu ndi oposa 300 kudzera ku Nkhotakota ndi Nkhata Bay, ndipo ku Thyolo ndi oposa 300 kudzera ku Blantyre. Mtunda suonekera pa thiransipoti yokha. Wophunzira wa ku Bunda angathe kulandira thumba la ufa ndi lichero la usipa wouma kuchokera kwawo tsiku lomwelo pa minibasi za ku Salima, kubwera kumaliro n'kubwerera asanaphonye kalasi yambiri, kapena kugona kwa achibale ku Lilongwe. Wa ku Thyolo amagula pafupifupi chilichonse ndi ndalama.

Chachitatu ndi nyengo ya ndalama. Chuma cha kunyanja chimayenda ndi mphepo ndi mwezi. Mwera ukaomba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti maboti amagona pamtunda masiku ambiri. Mwezi ukawala usipa subwera ku nyali, ndipo miyezi ya Novembala ndi Disembala makoka ena amaletsedwa kuti chambo chiswane. Tsiku lolipira fizi silidikira zimenezi. Choncho m'pofunika kufunsa ngati sukulu imalola kulipira pang'onopang'ono, ndi gawo lomwe imafuna munthu asanalembetse kapena asanalembe mayeso.

Chachinayi ndi ngongole. Bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, ndipo limabwereketsa ophunzira osowa ndalama ya fizi ndi yodyera, yomwe ophunzira amangoti upkeep. Mu 2024 boma lidakweza upkeep kuchoka pa K350,000 kufika K560,000 pachaka. Ngongoleyi imaperekedwa kwa a m'sukulu zaboma ndi a m'sukulu zoyima pazokha zovomerezeka, opempha amaposa olandira, ndipo imabwezedwa munthu akamaliza sukulu.

Pali njira zina zochepetsera mtengo. Mzuzu University ili ndi maphunziro ophunzira uli kwanu, makamaka a uphunzitsi, ndi malo othandizira ophunzira ku Lilongwe, Balaka, Mulanje ndi Karonga. Lilongwe ndi Balaka zonse n'zofikirika kuchokera ku Salima, ndipo wophunzira sasiya ntchito kapena geni yake. Makoleji aboma a aphunzitsi a sekondale, Domasi ku Zomba ndi Nalikule ku Lilongwe, ndi khomo linanso kwa wokonda zilankhulo ndi maphunziro a za anthu amene akufuna ntchito yodziwika. Kafukufuku wa chaka chomaliza, yemwe amadya ndalama zambiri za maulendo, amatsika mtengo wophunzira akasankha mutu wa kwawo. Wa ku Senga Bay amadya ndi kugona pakhomo, amamva Chiyao ndi Chichewa, ndipo amadziwa kuti ayenera kuyamba waonekera kwa mfumu ndi ku komiti ya pagombe asanafunse munthu aliyense. Amadziwanso kuti za kudambwe, kutsimba ndi kundagala zili ndi malire ake, ndipo dzina la mayi amene wamuululira zakukhosi silitchulidwa.

Kalowedwe ndi kuvomerezeka

Wofuna digiri amafunika satifiketi ya MSCE yokhala ndi makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi. Kusankhidwa kupita ku mayunivesite aboma kumadzera ku National Council for Higher Education, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 ndipo limadziwika kuti NCHE. Malo ndi ochepa poyerekeza ndi okhoza, choncho wa mapointi otsika ndiye amakhala ndi mwayi waukulu. Lamulo la 2013 limalamula boma kuonetsetsa kuti m'sukulu za ukachenjede amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse, mfundo yofunika kwa atsikana a m'madera a kunyanja komwe ambiri amasiyira sukulu panjira. Maphunziro a jenda ndi a amuna ndi akazi omwe, ndipo m'madoko mumafunika anyamata otha kukamba nkhanizi ndi asodzi anzawo.

NCHE imalembetsa sukulu ndi kuvomereza maphunziro ake, ndipo ziwirizi ndi zosiyana. Sukulu ingathe kukhala yolembetsedwa pamene digiri ina ya mkati mwake sidavomerezedwe. Pepala losavomerezeka silitsegula khomo la ntchito yaboma, la ngongole kapena la digiri yachiwiri, ndipo ndalama yonse yolipiridwa imakhala yalowa m'madzi. Safunsa adadya phula: mndandanda womwe NCHE imatulutsa uyenera kuonedwa, dzina la sukulu ndi la digiri lomwe, munthu asanalipire kalikonse. Chenjezoli likukhudzanso sukulu za pa intaneti ndi za kunja zomwe zimalengeza mitengo yotsika.

Ntchito zake

Omaliza maphunziro a jenda amalembedwa ntchito m'maofesi a jenda, a chitukuko cha m'midzi ndi a chisamaliro cha anthu pa makhonsolo, m'mabungwe omwe si aboma, m'mapulojekiti a ulimi, usodzi ndi zaumoyo, komanso mu kafukufuku. A chikhalidwe amapita ku nthambi zaboma zosunga zinthu zakale ndi zaluso, ku mawailesi, ku ntchito yomasulira, yosindikiza mabuku, yoimba ndi yokopa alendo. Ntchito zambiri za m'mabungwe zimadalira thandizo lakunja, ndipo kutsekedwa kwa USAID mu 2025 kudaonetsa momwe zingathere mwadzidzidzi. Choncho digiri imalemera ikakhala ndi luso lina pambali: uphunzitsi, kusonkhanitsa ndi kusanthula ziwerengero, kulemba bwino m'Chichewa ndi m'Chingerezi, kapena chilankhulo chachitatu monga Chiyao. Poyerekeza sukulu, m'pofunika kuona ngati imatumiza ophunzira kukaphunzira ntchito m'maofesi ndi m'midzi, popeza ambiri amapeza ntchito yoyamba komwe adakaphunzirira.

Kuyerekeza konse pamodzi

Kwa wophunzira wa ku Senga Bay wofuna jenda, LUANAR ndiyo yotsika mtengo zonse zikawerengedwa, chifukwa cha kuyandikira kwake, mwayi woyamba ndi dipuloma, ndi kugwirizana kwa maphunziro ake ndi moyo wa kunyanja. Zomba imaposa pa kufufuza, malamulo, mbiri ndi zilankhulo, ndipo ndiyo yoyenera wofuna kuzama pa nkhani ya mitundu ya anthu. MUST ili ndi madigiri a chikhalidwe ochuluka koposa, koma kutalika kwake kumakweza mtengo. Mzuzu imayenera wofuna zokopa alendo kapena wofuna kuphunzira ali kwawo. Magomero imafupikitsa njira yopita kuntchito ya m'midzi, pamene Nguludi imathandiza amene sadasankhidwe kuboma ndipo banja lake lingakwanitse. Koleji yotsika mtengo ndi yomwe digiri yake ndi yovomerezeka, yomwe banja lingathe kulipira fizi, pogona, chakudya ndi ulendo wake kufikira chaka chomaliza, ndiponso yomwe imayankha funso limene wophunzira wabwera nalo kuchokera kwawo.